PAWIRIPAWIRI SIPAUZIRIKA: MAKOLO OPHUNZIRA ALI PA NTCHITO

Kwa Mfumu Chowe m'boma la Mangochi, monganso m'madera ena a m'mbali mwa nyanja, kuli nyumba zina zimene nyali yake imazima mochedwa ndi kuyakanso tambala woyamba asanalire. Izi ndi nyumba za aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi amene ali pa ntchito, ali ndi ana, komanso akupitiriza maphunziro. Ena akufuna dipuloma, ena digiri yoyamba, enanso digiri yachiwiri. Chiyambire pamene masukulu a ukachenjede anatsegula njira yoti munthu aziphunzira ali kwawo, namapita kukalasi masabata owerengeka okha, anthu otere achuluka. Ichi n'chokondweretsa, pakuti dziko lisowa anthu odziwa ntchito. Koma pali funso limene ambiri salifunsa: kodi pakhomo pa munthu wotere, wolipira mtengo wa maphunzirowo ndani?

Tsiku la mayi wotere limayamba 4 koloko m'bandakucha. Amawerenga ola limodzi, ndipo mawu oitanira anthu kumzikiti akamamveka iye amakhala atanyamula kale ndowa kupita kumjigo. Akaphika phala ndi kukonzekeretsa ana sukulu, amathamangira kuntchito. Ngati ndi mlangizi wa zaumoyo, amapalasa njinga kukayeza ana sikelo m'midzi, naphunzitsa amayi anzake za magulu 6 a zakudya, za chimbudzi ndi za kusamba m'manja. Madzulo amadzera pamsika kugula usipa, naphika, nagoneka ana, kenaka n'kutuluka panja kusakasaka netiweki kuti atumize ntchito kwa aphunzitsi ake. Sabata ya kalasi ikakwana, amaoloka mlatho wa Shire pa Boma, nakwera minibasi yodzera ku Liwonde ndi ku Zomba mpaka ku Blantyre. Mwamuna wake mwina ali ku Joni, monga alili amuna ambiri a m'boma lino, kapena amachezera panyanja. Khomo lonse limatsala m'manja mwa mwana wamkazi wachisamba wa zaka 12.

Apa m'pamene pali vuto. Matenda sayang'ana satifiketi yopachikidwa pakhoma. Amayang'ana ndowa, mbale ndi pogona. Pakhomo pamene wamkulu wachoka kapena watopa kwambiri, tinthu tating'onoting'ono ndito timayamba kutayika. Ndowa ya madzi akumwa imakhala yosavundikira, mankhwala a klorini atha osagulanso, ndipo kapu yotungira ndi yomwerayo n'kukhala imodzi. Mkute umene wagona usiku wonse m'nyengo yotentha ya kunyanja umapatsidwa kwa mwana uli wozizira, chonsecho chakudya chophikidwa sichiyenera kukhala maola oposa 2 chisanadyedwe, ndipo chotsala chiyenera kutenthetsedwanso mpaka chitentheretu. Anthu a ku Mangochi sanaiwale mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa Marichi chaka cha 2022 ku Machinga, nupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mangochi linali limodzi mwa maboma amene odwala anachuluka kwambiri. Kolera amalowa m'nyumba kudzera m'madzi ndi m'chakudya, ndipo safunsa ngati mwini nyumba akulemba mayeso.

Kamtsikana kotsala ndi khomo kaja kakapita kukatsuka mbale ku Shire kapena kugombe la Malombe, azing'ono ake amakatsatira nakasewera m'madzi osaya. M'madzi otero ndimo mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo, timene timaboola khungu ndi kukakhala m'mitsempha ya chikhodzodzo. Mwana akayamba kukodza magazi amauza yani? Usiku neti imamangidwa koma osaipinda pansi pa mphasa, chifukwa woyenera kuona zimenezi ali pa buku kapena ali kutali.

Khadi la sikelo nalonso limanena zoona. Mangochi ndi limodzi mwa maboma 11 amene anayamba kulandira katemera wa malungo m'chaka cha 2019. Katemerayu mwana amalandira kanayi: pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Wa chikuku amalandira pa miyezi 9 ndi 15. Masiku amenewa sasuntha chifukwa cha mayeso a ku Blantyre. N'zomvetsa chisoni kuti mayi amene amakumbutsa mudzi wonse za katemera, mwana wake yemwe n'kuphonya wachinayi.

Mwini maphunziroyo nayenso thupi lake si chitsulo. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Wogona maola 4 kwa miyezi yambiri amaiwalaiwala, sachedwa kupsa mtima, ndipo amadziputira matenda a kuthamanga kwa magazi. Namwino wosinza angathe kulakwitsa muyeso wa mankhwala, ndipo woyendetsa njinga yamoto ali ndi tulo angagwe pa zitunda za msewu wa ku Namwera. Tiyi wambiri ndi zakumwa zochotsa tulo sizilipira ngongole ya tulo, zimangoikankhira mawa. Ngakhale kuwerengako kumene sikulowa, pakuti ubongo umasunga bwino zimene waphunzira munthu akagona mokwanira.

Alipo ena amene akamva izi adzati, "Si zimenezo! Mkazi wa ana akhale pansi, sukulu anaisiya kale." Amenewa akulakwa. N'zodziwika m'maiko ambiri kuti ana a mayi wophunzira amakula bwino ndipo safa kawirikawiri monga ana a mayi amene sanapite kusukulu. Ndiponso namwino wa kwa Chowe amene wakaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, amabwera ndi nzeru zimene adzathandiza nazo anthu a kwawo, m'chilankhulo chawo. Maphunziro alibe mlandu. Cholakwa n'kusenzetsa munthu mmodzi katundu wa anthu atatu. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Choncho munthu asanalipire fizi, banja likhale pansi, pamodzi ndi mwinimbumba ndi agogo, n'kugwirizana bwinobwino kuti ana adzatsala ndi yani. Wotsalayo akhale munthu wamkulu, osati mwana wa sukulu. Kujombetsa mtsikana wa Sitandade 6 kuti mayi ake apeze digiri n'kugwetsa khoma lina pomanga linzake. Wotsalayo asonyezedwe pamene pali khadi la sikelo ndi tsiku lobwererako, kathiridwe ka klorini, ndi kasungunulidwe ka Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi abwino. Auzidwenso kuti mwana akatentha thupi athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Abambo amene ali pakhomo adziwe kuti kusambitsa mwana, kumanga neti ndi kupita naye kusikelo sikuchotsa ulemu wa munthu. Amene ali kutali, ndalama zimene amatumiza zisathere pa malata okha. Ina ilipire wothandiza ntchito wamkulu. Ndipo ngati wophunzirayo ndi bambo, asayese kuti buku lamumasula ku udindo wa pakhomo, n'kumusiyira mayi zonse ngati kuti iye satopa.

Mayi woyamwitsa ayese kupewa ulendo wa kalasi m'miyezi 6 yoyamba, imene mwana ayenera kuyamwa bere lokha. Zikakanika, apite naye mwanayo pamodzi ndi womulera. Kuchedwa chaka chimodzi kutsiriza maphunziro sikupha munthu, koma kutsekula m'mimba kumapha khanda m'masiku ochepa.

Akuluakulu a pantchito nawonso ali ndi gawo lawo. Wantchito amene waloledwa kuphunzira adziwitse anzake masiku a kalasi nthawi ikadalipo, kuti ntchito igawidwe mwachilungamo ndipo sikelo ya kumudzi isaime. Kumuika pa ntchito ya usiku sabata ya mayeso n'kuika odwala pangozi.

Pawiripawiri sipauzirika: munthu mmodzi sangakolezere moto wa kuntchito, wa kusukulu ndi wa kukhitchini nthawi imodzi. Koma mpweya wa abale ukathandizana, moto wonsewo umayaka. Tsiku lovala chipewa cha maphunziro limakoma pamene ana onse alipo kudzaona, ali onenepa, ndipo wachisamba uja nayenso akadali pasukulu.