MAU A KU OFESI POSIYA NCHITO

Sabata ino tinena ndi inu amene mwalandira uthenga wa kumudzi ndipo mtima wanyamuka kale. Wina amai ace akudwala ku Dedza, wina amalume amwalira ndipo mbumba yatsala yopanda mwini, wina mkazi watopa ndi kulima yekha, winanso wangokalamba, afuna kukapuma kwao. Zonsezi ndi zifukwa za munthu mwini, si mlandu wa kampani ai. Koma musanakwere basi ya ku Nyamapanda pali khomo limodzi loyenera kulowapo, ndilo la ofesi. Makampani akuru masiku ano amaitana munthu wosiya nchito kuti akhale pansi ndi kalaliki, amene amafunsa mafunso nalemba mayankho pa fomu. M'Cingerezi amati exit interview. Inu a ku migodi ya ku Bindura, Shamva, Mazowe ndi Ngezi mungathe kukomana naco cimeneci. Abale anu a pa mapurazi a ku Banket, Mvurwi ndi Karoi kawirikawiri saona fomu, amangoima pamaso pa manijala, koma nkhani yace ndi yomweyo.

Makolo athu sanaudziwe mwambo umenewu. Lamulo la Masters and Servants la caka ca 1901, limene linagwira anchito a pa mapurazi kufikira pafupi ndi ufulu wa 1980, linkayesa kucoka pangano lisanathe ngati mlandu wa kuthawa, ndipo apolisi ankamanga munthu cifukwa ca ico. Citupa cikapanda kusainidwa ndi bwana, kunali kobvuta kulembedwa kwina. Amene anadza ndi Mthandizi kuyambira 1946 anali omangika ndi kontrakiti. Cotero munthu akamva za maliro ankangonyamula bulangeti usiku, nasiya tikiti yosatha ndi ndalama zace zomwe. Lamulo lija linafa kale, koma mantha ace akali moyo m'makomboni. Alipobe anthu amene amacoka usiku ngati mbala pamene palibe wowathamangitsa, nasiyira kampani thukuta lao.

Poyamba dzifunseni ngati nkoyeneradi kusiya. Lamulo la anchito la Zimbabwe, Labour Act, limapatsa wanchito masiku ofika 12 pa caka a chuthi capadera ca malipiro athunthu, ndipo imfa ya mkazi, kholo kapena mwana iri m'gulu la zifukwa zace. Pamwamba pa apo pali chuthi canu ca caka ndi caka, cimene cingaunjikane kufikira masiku 90. Wodwala ali ndi masiku 90 a malipiro athunthu, ndipo dokotala akalemba kalata angaonjezere ena 90 a theka la malipiro. Tsono munthu wosiya nchito cifukwa ca cifuwa cace, asanadye ngakhale tsiku limodzi la masiku amenewa, wadzibera yekha. Ndiponso wosiya mwa kufuna kwace salandira ndalama zija zimene amapatsa anthu ocotsedwa pocepetsa anchito. Ngati mphekesera ziri m'komboni kuti shafuti itsekedwa, musafulumire kulemba kalata.

Mukatsimikiza mtima, perekani notisi yolembedwa, yokhala ndi tsiku, ndipo kope limodzi likhale lanu. Wanchito wokhazikika, kapena wa kontrakiti ya zaka ziwiri ndi kupitirira, apereka miyezi itatu. Wa caka cimodzi apereka miyezi iwiri, wa miyezi isanu ndi umodzi apereka mwezi umodzi, ndipo wa miyezi itatu apereka masabata awiri. Miyezi itatu ndi yaitali kwa munthu amene amai ace ali gone, tidziwa. Koma lamulo limalola kuti inu ndi bwana mupangane kufupikitsa, ndipo apa ndi pamene mau abwino a ku ofesi amagwira nchito yace.

Nanga mukanene ciani? Zocepa, zoona, ndi zaulemu. Munganene cotere: "Bwana, ndagwira pano zaka zisanu ndi ziwiri ndipo ndathokoza. Kumudzi kwagwa zobvuta zofuna ine mwini. Ndipempha kuti tsiku langa lotsiriza likhale lakuti." Basi, kwatha. Kalaliki akafunsa kuti zobvuta zace nzotani, simuli okakamizidwa kubvundukula za m'nyumba mwanu. Matenda a mkazi wanu, ngongole, mlandu wa munda, kapena nkhani ya ukwati, si za pa fomu ya kampani. Yankhani kuti, "Ndi za pabanja, Bwana, ndikadakonda zikhale conco." Akafunsanso, bwerezani mau omwewo mosapsa mtima. Kalaliki wanzeru safunsa kacitatu.

Pali anthu ena amene amaona kuti coonadi ncacifupi, nayamba kucikometsera. Amapha amai ao amene ali moyo, kapena atate amene anawaika m'manda zaka khumi zapitazo. Lekani zimenezo. Komboni ndi mudzi, ndipo wa kwanu amene mumadya naye nsima adziwa bwino amene ali moyo ndi amene anafa. Mawa njala ikakubwezani ku geti lomwelo, fomu ija idzatulutsidwa.

Koma bodza loopsa koposa ndi lina, ndipo pano tichere khutu tonse. Ngati cokucotsani si ca kumudzi konse, koma kapitao wokuzunzani, malipiro osabwera miyezi ndi miyezi, kapena kukutumizani pamalo pamene miyala ingagwe mutakana, musalembe kuti mukucoka pa zifukwa za inu mwini. Ambiri amatero pofuna mtendere, ena cifukwa kalaliki wanena kuti ndiyo njira yacidule yolandirira ndalama. Labour Act imanena kuti munthu amene wasiya nchito cifukwa bwana wacita dala kuti nchitoyo isapiririke, ayesedwa wocotsedwa mosalungama, ndipo angathe kudandaula. Tsono mudzadandaula bwanji pamene dzanja lanu lomwe linasaina kuti munacoka cifukwa ca amalume? Wotere ayambe waonana ndi komiti ya anchito, kapena a bungwe lace, AMWUZ ku migodi ndi GAPWUZ ku mapurazi, asanalowe mu ofesi. Ndipo ali yense, fomu ikakhala ya Cingerezi cimene simukucimva, pemphani wina wa komiti akuwerengereni. Kusaina cinthu cosamva si ulemu.

Adzakufunsaninso kuti, kodi pali cimene kampani ingakonze? Apa akuru anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Musachule maina a anzanu, kuti uje amagona pa shifiti, uje amaba dizilo. Inu mukupita, iwo akutsala ndi ana. Koma ngati pali cingwe cakutha, mpope wosatulutsa madzi pobowola, kapena malo opanda mpweya, nenani poyera ndipo muone kuti calembedwa. Kumeneko si kuneneza, popeza mng'ono wanu adzatsika momwemo mawa.

Mafunso ao akatha, yambani anu, ndipo musacite manyazi. Funsani malipiro otsala, ndalama za masiku a chuthi amene simunadye, ndi gratuity ngati pangano la nchito yanu liri nayo. Pemphani kalata yonena zaka zimene mwagwira ndi nchito imene munali kucita. Lembani nambala yanu ya NSSA, ndi ya Mining Industry Pension Fund ngati munali kudulidwa. Ndalama za NSSA sizituluka tsiku losiya nchito. Penshoni ya ukalamba imayamba pa zaka 60 kwa amene anapereka miyezi 120, ndipo nchito zina zolemetsa amalola pa zaka 55. Wopereka miyezi yocepera apo, koma yosacepera 12, amalandira kamodzi kokha. Siyani keyala ndi nambala ya foni ya munthu wosasamukasamuka.

Inu a pansi pa mgodi, pemphani kuti akuyeseni cifuwa ndi X-ray musanacoke, ndipo pepala lace musunge. Pfumbi la miyala silifulumira, limadzuka munthu ali kale kumudzi. Mu 2019 bwalo la milandu ku Johannesburg linabvomereza kuti makampani a golide a ku South Africa apereke R5 biliyoni kwa odwala silicosis ndi TB amene anagwira m'migodi yao kuyambira 1965, ndipo Tshiamiso Trust ndiyo inapatsidwa nchito yogawa. Cimene amayamba kufuna ndi umboni wakuti munthu anagwira pa mgodi uti ndi zaka ziti. Nkhalamba za Wenela zimene zinataya mapepala, kapena zinalembetsa ndi dzina la mbale, zabvutika nazo kwambiri.

Za nyumba musaope. Ngati mukhala m'nyumba ya kampani kapena ya purazi, lamulo likuti sangakutulutseni usanathe mwezi umodzi kucokera pamene notisi yathera. Mwezi umenewo ndi wogulitsa nkhuku, wotenga makalata a ana ku sukulu, ndi wotola zikalata zao za kubadwa, cifukwa mukaoloka Zambezi pa Tete kubwerera pepala limodzi kudzakudyerani ndalama zoposa za basi.