Tifufuze chuku cha m'matope a Linthipe

Mtsinje wa Lilongwe umadutsa pakati pa likulu la dziko lino, n'kutenga zinyalala za m'misika ndi m'magalaja, kenako umathira mu Linthipe, womwe umatsikira m'nyanja ku Salima. Mtovu wa m'mabatire akutha ukalowa m'madzi suwola, umakhazikika m'matope ndipo ukhoza kulowa m'nsomba zomwe asodzi a ku Senga Bay amagulitsa. N'chifukwa chake ndikuona kuti akatswiri a ku yunivesite ya LUANAR ayenera kupatsidwa ndalama zofufuzira chuku cha m'dothi la m'mbali mwa mitsinjeyi. Asayansi akudziwa kale kuti mitundu ya chuku ngati Aspergillus niger ndi Trichoderma imagwira mtovu pa timaulusi take.  Chuku chomwe chazolowera matope oipitsidwa a kwathu kuno ndicho choyamba kuchiyesa.

Ena anena kuti chuku ndi mdani, ndipo sakulakwa kwenikweni: Aspergillus flavus ndi amene amaika poizoni mu mtedza ndi chimanga. Komatu izi zikungosonyeza kuti kusankha mtundu ndi ntchito ya mu labotale, osati kumwaza chilichonse mumtsinje. Chotsutsa cholemera ndi chakuti chuku sichiwononga mtovu, chimangousonkhanitsa, ndipo chikafera momwemo mtovuwo umabwerera m'madzi. Choncho chigwiritsidwe ntchito m'mathanki osefera madzi otayidwa ku Lilongwe, momwe chingachotsedwe n'kukwiriridwa mosamala, madziwo asanafike ku Linthipe.