Ati akusunga chilengedwe, koma ndege zikungotera

Inetu mawu akuti ecotourism ndatopa nawo. Ati ndi kukaona malo popanda kuononga chilengedwe. Chabwino, tiyeni tikaone ku Galápagos, zilumba za dziko la Ecuador zomwe zili m'nyanja ya Pacific, makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera kumtunda, komwe amati ndi kuchimake kwa ntchitoyi.

Uku ndi kumene Charles Darwin adakaona akamba akuluakulu aja mu 1835. Mu 1959 boma lidapatula magawo 97 mwa 100 a nthaka kukhala malo otetezedwa. Mu 2022 anthu okhalako sankakwana 30,000, ndipo lamulo la mu 1998 lidakhwimitsa zinthu moti ngakhale nzika ya Ecuador singangosamukirako mwachisawawa. Nanga alendo? Mu 2023 mokha adafika oposa 300,000. Mwini dziko akumuima pakhomo, wa madola akumuyalira mphasa.

Alendowatu sadya mphepo, abale. Chakudya, mafuta ndi simenti yomangira mahotela zimabwera pa sitima kuchokera kumtunda, ndipo m'katundumo mumabisala tizilombo ndi njere zachilendo. Zoterezi si zamasewera: pali kale ntchentche yobwera yotchedwa Philornis downsi, yomwe mphutsi zake zimayamwa magazi a tiana ta mbalame m'zisa mpaka kufa. Mu Januwale 2001 sitima ya Jessica idagunda miyala pafupi ndi chilumba cha San Cristóbal n'kutaya mafuta m'nyanja. Ena mwa mafutawo adali opita ku sitima ya alendo omwewa, okonda chilengedwe. Mu 2007 bungwe la UNESCO lidaika zilumbazi pa mndandanda wa malo omwe ali pangozi, n'kudzazichotsapo mu 2010. Kodi alendo adachepa? Ayi ndithu.

Wina ati ndalama za alendo ndizo zikudyetsa mabanja ndi kulipira alonda. Sindikukana, njala simva za akamba. Koma taonani zomwe akuluakulu adachita mu Ogasiti 2024: adakweza ndalama yolowera ya mlendo wakunja kuchoka pa madola 100 kufika pa 200. Munthu amene walipira kale ndege kuchokera ku London angabwerere chifukwa cha madola 100 owonjezera? Kumeneko ndi kukweza mtengo wa tikiti basi.

Chomwe ndikufuna kumva ine ndi nambala: alendo akuti pa chaka, akakwana chitseko chitsekedwe. Masitima ogonamo alendo adawaikira kale malire. Chikuvuta n'chiyani ku mahotela a ku Puerto Ayora?