Chidindo cha sitima ya Königsberg

Munthu akalandira kalata kuno kwathu, amang'amba envulopu, nawerenga mawu, envulopu ija n'kukolezera moto. Koma kuli anthu ena, makamaka ku Ulaya, amene amasunga envulopuyo osasamala za kalata. Chimene amafuna iwo ndi chidindo cha positi, kachizindikiro kozungulira kaja kamene amamenya pamwamba pa sitampa. Ena mwa iwo amasonkhanitsa zidindo za sitima za nkhondo za pamadzi zokhazokha, ndipo dzina limodzi limene salitchula mwachibwana ndi Königsberg.

Kale sitima za nkhondo za Ajeremani zinali ndi positi yakeyake m'kati momo. Msilikali akalembera mkazi wake kwawo, amamata sitampa wamba ya ku Jeremani, kalata n'kudindidwa m'sitima momwemo. Chidindocho sichinali ndi dzina la sitima ayi, chinali ndi nambala ndi tsiku. Wodziwa nambala za sitimazo akaika maenvulopu motsatana masiku, amatha kulondola ulendo wa sitima monga mlenje alondola mapazi a nyama.

Königsberg inafika ku Dar es Salaam mu Juni 1914, dziko la Tanganyika lili m'manja mwa Ajeremani. Mkulu wake anali Max Looff. Nkhondo yaikulu itayamba, imene makolo kuno ankaitcha ya Chiwaya, sitimayi inagwira sitima ya katundu ya Angerezi, City of Winchester. Pa 20 Seputembala 1914 inalawirira m'mamawa ku Zanzibar n'kumiza sitima ya nkhondo ya Angerezi yotchedwa Pegasus. Koma makina ake anali atatopa ndipo malasha anali osowa. Looff anakaibisa m'mathiriro a mtsinje wa Rufiji, m'kati mwa mitengo ya m'matope, kumene sitima zazikulu za Angerezi sizikanatha kulowa chifukwa madzi ndi osaya.

Inakhala m'menemo miyezi yambiri, asilikali ake akudwala malungo. Angerezi anamiza sitima ya malasha pakhomo limodzi la mtsinje kuti atseke njira. Kenaka anachita kukoka pa nyanja sitima ziwiri zoyenda m'madzi osaya, Mersey ndi Severn, ndipo ndege zinkauluka pamwamba kuuza owombera kumene zipolopolo zikugwera. Pa 11 Julayi 1915 Königsberg inapsa, ndipo eni ake anaiphulitsa okha.

Angerezi anayesa kuti nkhani yatha. Koma Ajeremani anabwerera kukazula mizinga 10 ya sitimayo, naikwezera kumtunda. Umodzi unakafika mpaka ku nyanja ya Tanganyika, n'kuikidwa pa sitima imene pambuyo pake inatchedwa Liemba. Mabuku amatchula Looff ndi mkulu wa asilikali a pamtunda, Lettow-Vorbeck. Amene anakoka zitsulo zimenezo ndi zingwe m'thengo, mazanamazana a anthu akuda, maina awo palibe anawalemba.

M'sitima muja munatsalanso kanthu kena kopepuka: masitampa. Chifukwa Angerezi anatseka nyanja, masitampa a dzikolo anali kutha m'mapositi, ndipo ena sakanabwera kuchokera ku Jeremani. Choncho kumapeto kwa 1915 boma linatenga masitampa otsala a Königsberg ndi a sitima ina yaing'ono, Möwe, n'kuwagawira mapositi owerengeka kuti azigwiritsa ntchito.

Apa ndiye pagona nkhani. Masitampa amenewa sasiyana ndi amene anasindikizidwa mamiliyoni ku Jeremani. Opanda chidindo, munthu sangapereke nawo ngakhale mtengo wa mbale ya chimanga. Koma sitampa yomweyo ikakhala ndi chidindo cha positi ya ku Tanganyika ndi tsiku la miyezi imeneyo, osonkhanitsa amalimbirana ndi ndalama zambiri. Mboni ndi chidindo, chifukwa ndicho chinena kuti kapepalaka kanali pakutipakuti tsiku lakutilakuti. N'chifukwa chake akathyali akhala akusema zidindo zabodza, ndipo wogula wochenjera satulutsa ndalama katswiri asanaone. Amafunanso sitampa ili pa pepala lake lomwe inamatidwapo, poti yomatula yataya theka la umboni wake.

Nkhondoyo inafika ndi kwathu kuno. Pa 25 Novembala 1917 Lettow-Vorbeck anawoloka mtsinje wa Rovuma nagonjetsa Apwitikizi pa Negomano. Mizinga ya Königsberg sinawoloke nawo. Ina inali italandidwa, ina anaiphwanya okha. Gulu lake linayendayenda kumpoto kwa Mozambique likudya za m'nkhokwe za anthu, mpaka linakamenya nkhondo ku Namacurra, pafupi ndi Quelimane, mu Julayi 1918. Mbali zonse zinkagwira amuna m'midzi kuti akhale amtengatenga, ndipo ambiri sanabwerere.

Anthu amenewo sanalembe makalata, ndiye palibe chidindo chowaikira umboni. Koma mbumba zawo zinalemba. M'masutikesi a agogo m'midzi ya m'malire muno muli makalata a ku Joni, a ku Salisbury, ndi a m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi. Mwina sangagulidwe ngati a Königsberg, koma envulopu iliyonse ili ndi dzina la malo ndi tsiku limene bambo wa pakhomopo anali moyo kumeneko. Chimene chimaononga mapepala otere ndi chiswe, chinyontho, ndi ana omatula masitampa kuti akaonetse anzawo kusukulu.