ZA MAGALIMOTO: Ikamalira "Kho-kho-kho" Pokhota

Mmodzi wa awerengi athu wa ku Chadiza, amene amanyamula anthu ndi katundu pa Toyota Corolla pakati pa mudzi wao ndi Chipata, watilembera kalata yodandaula. Akuti galimoto yao ikamayenda molunjika imakhala cete, koma akangopotoza ciwongolero kuti akhote, kutsogolo kumamveka "kho-kho-kho" ngati munthu akukhoma msomali. Anzao pa siteshoni awauza kuti asavutike mtima popeza galimoto iliyonse yokalamba imatero. Bambo, anzanuwo akusoceretsani.

Madalaivala akale amene anazolowera Peugeot 404 ndi Datsun 1200 sanali kuidziwa nthenda imeneyi, cifukwa magalimoto aja anali kukankhidwa ndi mawilo akumbuyo. Koma magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene tikugula tsopano kucokera ku Japan amakokedwa ndi mawilo akutsogolo. Tsono wilo limodzimodzilo lili ndi nchito ziwiri, kukoka ndi kukhota. Kuti mphamvu ya injini ifikebe ku wilo pamene lapotoka, kumapeto kwa shafiti kuli mfundo yacitsulo imene amakanika amaicha CV joint. M'kati mwake muli timipira tacitsulo, kawirikawiri 6, toyenda m'tingalande tosalala. Zonsezi zimakhala m'girisi wakuda, ndipo zaphimbidwa ndi mphira wamakwinya womangidwa ndi malamba awiri acitsulo.

Nthenda imayambira pa mphira ameneyu. Ziputu, miyala ndi mapesi a m'miseu yathu ya kumidzi zimamung'amba, nthawi zina amangosweka yekha ndi ukalamba. Girisi amamwazika, mcenga ndi madzi amatope zimalowa. Girisi wosakanizika ndi mcenga amadya citsulo monga mwala wonolera nkhwangwa. Pamene phokoso liyamba kumveka, mphirayo anang'ambika kale, ndipo timipira tija tayamba kudumphadumpha m'tingalande tokumbika.

Kuti mutsimikize, pitani pamalo oyera monga pabwalo la mpira pamene palibe ana. Tsitsani magalasi, potozani ciwongolero mpaka cithere, nimuyende pang'onopang'ono mozungulira. Citani cimodzimodzi ku mbali inayo, kenaka mobwerera m'mbuyo. Mnzanu aime capatali pang'ono kuti amve mbali imene ikulira. Phokoso likamabwera motsatizana, nilifulumira pamene muponda mafuta, dziwani kuti ndi CV joint. Imitsani galimoto musuzumire kuseri kwa wilo: mudzapeza girisi wakuda atamwazikira m'kati mwa limu ndi mphira atang'ambika.

Komatu si kulira konse kumene kumacokera kumeneko, ndipo apa mpofunika kuchera khutu. Coyamba yesani manati a mawilo ndi sipanala, pakuti ambiri ataya ndalama kwa amakanika pamene vuto linali nati lomasuka cabe. Ngati galimoto ilira "phwa" kamodzi kokha pokhota kapena podutsa pa dzenje, kapenanso ilira potembenuza ciwongolero ili ciimire, ganizirani za ball joint, tie rod end kapena beringi ya pamwamba pa shokabu. Ikwezeni ndi jeke, mugwire tayala pamwamba ndi pansi nimuligwedeze. Likacita khwekhwerekhwe, ball joint kapena beringi ya wilo yatha. Ligwireninso kumanja ndi kumanzere. Likasewera, ndiye tie rod end.

Kusiyana kwake nkwakukulu. CV joint ikasweka, injini imangolira koma galimoto siyenda, ndipo mudzagona m'thengo, mwina muli ndi mayi wodwala amene munali kuthamangira naye ku cipatala. Ball joint ikaguluka, wilo limapindikira pansi pa galimoto ciwongolero nicisowa nchito. Zimenezi zikacitika pa liwiro m'mapiri a pafupi ndi mlatho wa Luangwa, pa mseu wa Great East, sitikamba za kugona m'thengo ai, tikamba za maliro. Galimoto yotere isayendenso kufikira itakonzedwa.

Nanga mankhwala ake? Mukapeza mphira atang'ambika phokoso lisanayambe, muli ndi mwai. Makanika amasule shafiti, atsuke mfundoyo bwino, aikemo girisi wace wakuda uja amene amabwera m'kathumba pamodzi ndi mphira watsopano, namange malamba atsopano. Girisi wamba wa maberingi sakwanira pa nchito imeneyi. Mtengo wa mphira ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi wa mfundo yonse. Koma ikayamba kulira, girisi sangabwezere citsulo cimene cadyeka. Pali amakanika ena amene amangodzazamo girisi wambiri kuti phokoso lizilale masiku owerengeka, mwini wace nalipira mokondwa. Musalole zimenezo. Gulani mfundo yatsopano kapena shafiti yonse, ndipo popita ku sitolo tengani yakaleyo, cifukwa mano a kumapeto kwace amasiyana kuculuka ngakhale pa magalimoto a dzina limodzi.

Tiwonjezepo za cizolowezi cathu comanga ciliconse ndi malegeni. Kukulunga mphira wong'ambika ndi pulasitiki ndi malegeni kungakufikitseni kwa makanika ku boma, koma sikukonza ai. Ndipo inu okonza nokha pakhomo, musalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha. Cirikizani ndi zipika zolimba zamtengo pa nthaka yosalala, osati njerwa, cifukwa njerwa imaphwanyika mosacenjeza. Nati lalikulu la pakati pa wilo limangidwe molimba monga linalili, ndi kukhomedwa kapena kuikidwa pini yatsopano kuti lisamasuke.

Tsono inu bambo a ku Chadiza, malinga ndi mmene mwafotokozera, ife tikuona kuti mfundo yanu yatha kale. Isintheni musanayambe kusenzetsa galimotoyo matumba a cimanga. Makanikayo aonenso mphira wa mbali inayo, pakuti onse awiri ayenda ulendo umodzi ndipo kawirikawiri amatha motsatana. Pambuyo pace, tsiku lililonse limene mutsuka galimoto, potozani ciwongolero mpaka cithere, mugwade nimupapase makwinya a mphirawo ndi zala. Zikabwerako ndi girisi, pitani kwa makanika sabata yomweyo.