Ulesi umene nyuzipepala ya atsamunda inatipaka

Pali mawu amene ena mwa ife timangowabwereza osawalingalira, akuti Mmalawi sagwira ntchito popanda kapitawo. Mawu amenewa ndi bodza, ndipo bodzali lili ndi kwawo. Linakulira m'masamba a nyuzipepala ya atsamunda.

Mu 1895 R. S. Hynde, mzungu wa minda, anayambitsa Central African Planter, imene pambuyo pake inadzatchedwa Nyasaland Times. Mwini wake ndi oiwerenga anali a khola limodzi, eni minda ya khofi, fodya ndi thonje cha ku Blantyre ndi Zomba. Dandaulo lawo losatha linali lakuti antchito akusowa, makamaka dzinja, ndipo chifukwa chimene ankapereka chinali ulesi wa anthu akuda. Kodi dzinja munthu wakumudzi amakhala kuti? Amakhala m'munda mwake, khasu lili m'manja kuyambira mbandakucha. Wopalira chimanga chake kuti ana asagone ndi njala ankatchedwa mlesi chifukwa sanapite kukapalira thonje la mzungu.

Boma linalimva dandaulolo. Kuyambira 1901 msonkho wa nyumba unali masheleni 6, koma wogwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu ankalipira 3 okha. Pa minda panali thangata. M'misewu munali amtengatenga, osenza katundu pamutu kuchokera kwa Katunga kukwera mapiri mpaka Blantyre, n'kutsikira ku Matope kumene sitima zopita kunyanja zinkadikira. Alesi amenewo ndiwo ankayendetsa malonda onse a dziko.

Pamene munthu wakuda anayesa kudzilankhulira, onani zimene zinachitika. Mu November 1914 John Chilembwe analembera nyuzipepalayo kalata yodandaula kuti amphawi akufa pa nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Boma linailetsa kalatayo. Patangopita miyezi iwiri, mu January 1915, otsatira a Chilembwe anaukira ku Magomero, ndipo pamenepo malo anapezeka m'nyuzipepala owalemba, koma monga zigawenga.

Ena amati tisaweruze anthu akale ndi maso a lero. Ine ndikuti Chilembwe sanali wa lero, ndipo anaona. Olemba aja nawonso ankaona, poti mzere wa amtengatenga unkadutsa m'tauni mwawo momwemo. Iwo anasankha kulemba za mtengo wa khofi ku London ndi za sitima zimene zafika ku Chinde.