Sukulu yaulere, choko chogula makolo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za mmene sukulu za pulayimale za boma zikuvutikira, makamaka kumudzi kuno. Ndine kholo, komanso ndili m'komiti ya sukulu ya kwathu.

Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi mu 1994, ana anakhamukira kusukulu, chiwerengero chawo n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zinali bwino, palibe akutsutsa. Koma makalasi, mabuku ndi nyumba za aphunzitsi zinatsalira, ndipo mpaka lero sizinawapeze anawo. Lamulo la maphunziro la 2013 likukakamiza mwana aliyense kupita kusukulu. Nanga akapita, akakhale pati?

Boma limati mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60. Bwerani mudzaone Sitandade 1 yathu. Ana opitirira 100 amakhala pa simenti yokumbikakumbika, mothithikana moti madamu alibe popondera kuti akaone kope la mwana wakumbuyo. Buku limodzi amaliunjirira ana angapo, wina kumaliwerenga chadodolido. A Sitandade 3 amaphunzirira pansi pa mtengo, bolodi atalitsamiritsa pathunthu, ndipo kukangochita mdima wa mvula amaweruka. Chonsecho achinyamata amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi ali pakhomo kudikira kulembedwa ntchito, ena mpaka anayamba kabaza.

Chimene chandilembetsa kwenikweni ndi ndalama zotukulira sukulu, zija timati SIG. Chaka chilichonse akomiti, a PTA, ahedi ndi mafumu timakhala pansi n'kulemba zofunika: choko, marejisitala, kukonza madesiki, zimbudzi za atsikana. Timasainirana bwinobwino, kenaka chete. Ndalamazo zimadzafika sukulu itatsegulidwa kalekale, ndipo zikafika sizigulanso zimene tinalemba. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti, malata ndi mapepala zonse zinakwera. Njerwa zimene makolo tinaumba n'kuwotcha tokha zamera udzu podikira simenti.

Ndiye ahedi atani? Amaitanitsa kwa makolo: ya mlonda, ya mapepala a mayeso, ya chitukuko. Kholo limene likusowa ya feteleza limafunsa kuti, "Paja simunati sukulu ndi yaulere?" Silikulakwa. Kumsonkhano ahedi ndi amene amanyozedwa, ati akudya ndalama. Osakhulupirika alipo ndithu, sitikana, koma ine ndaonapo mphunzitsi akutapa m'thumba mwake kugula choko kuti ana asabwerere osaphunzira. Chowawa n'chakuti mwana amene kwawo alephera kusonkha amayamba kujomba chifukwa cha manyazi, mapeto ake n'kusiyiratu.

Pempho langa kwa akuluakulu a maphunziro ndi aphungu athu ndi ili: ndalama za SIG zizifika teremu yoyamba isanayambe, ndipo zizikwera mogwirizana ndi mitengo ya zinthu. Zikafika, sukulu izikhoma pakhomo la ofesi chikalata chosonyeza kuchuluka kwake ndi zimene zagulidwa, kuti tisamangolozana zala. Ndipo aphungu, pokambirana bajeti ku Nyumba ya Malamulo, musamangoombera m'manja chiwerengero chimene chaperekedwa ku maphunziro. Muzifunsanso kuti za chaka chatha zinafika zingati pasukulu, ndipo zinafika mwezi wanji.

Kholo lodandaula,
Mchinji